Za Kukonza Zithunzi pa Kompyuta

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a pulaimale

Pa sukulu iri yonse pamakhala mphunzitsi mmodzi amene anzace amamuyesa katswiri wa makina. Kawiri kawiri ndiye wamng'ono mwa onse, wongocoka kumene ku koleji, ndipo ukatswiri wace wonse ndi wakuti ali ndi foni yojambula bwino, ndiponso saopa kukhudza kompyuta ya mu ofesi. Temu ikayandikira kutha aphunzitsi akulu amamuitana, nati, "Aphunzitsi, mutijambulire ana a kalasi lotsiriza, cithunzi cao cifunika m'lipoti la mawa." Iye amasonkhanitsa anawo pabwalo dzuwa liri paliwombo, nawajambula, nawamasula. Madzulo, pociyang'ana cithunzico pa kompyuta, apeza kuti khoma la sukulu lapendekeka monga lifuna kugwa, nkhope za ana zada bii kotero kuti sadziwika uyu ndani uyu ndani, ca kumbali kwaima mbuzi imene palibe anaiitana, ndipo cithunzi conseco ncolemera, cikana kupita pa intaneti. Ana anapita kale kwao. Catsala ndico kukonza cimene ciripo.

Nchito zimene mphunzitsiyo ayenera kucita nzowerengeka: kuongola cithunzi, kucidula m'mbali, kukonza kuwala kwace, kucicepetsa, ndi kucisunga. Munthu wodekha angathe kuziphunzira zonse madzulo amodzi, ndipo safunika kugula kanthu ai. Kompyuta ya Windows imabwera ndi mapulogalamu awiri, Photos ndi Paint, amene akwanira nchito zimenezi. Wofuna zambiri angatenge GIMP, imene anyamata awiri a pa yunivesite ya ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, anaiyamba m'caka ca 1995, ndipo kufikira lero njaulere. Photoshop, imene dzina lace lamveka pali ponse, inalembedwa ndi abale awiri, Thomas ndi John Knoll, niyamba kugulitsidwa m'caka ca 1990. Njamphamvu ndithu, koma kuilipira cifukwa ca cithunzi ca kalasi kuli ngati kugula thirakitala yolimira kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba.

Mabatani oyenera munthu amawapeza msanga. Cimene mabataniwo sanena ndi ici: nchito iri yonse mwa zisanuzi imataya kanthu ka m'cithunzi, ndipo cotayikaco sicibwerera. Wokonza bwino ndiye amene adziwa cimene ali kutaya, ndi cifukwa cace.

Kuti ici cimveke, munthu ayambe waganiza za amai otunga mikanda. Woona patali amaona duwa kapena mbalame. Akayandikira apeza kuti ndi timikanda tokhala m'mizere, kali konse ndi mtundu wace umodzi. Cithunzi ca pa kompyuta ciri cimodzimodzi. Ndi timadontho tambirimbiri toyalidwa m'mizere, ndipo dzina la kadontho kamodzi ndi pixel. M'caka ca 1957 Russell Kirsch, wa ku America, analowetsa m'kompyuta cithunzi ca mwana wace wakhanda, cimene cimawerengedwa pakati pa zithunzi zoyamba zotere. Cinali ndi timadontho 176 m'litali ndi 176 m'lifupi, tonse pamodzi 30,976. Foni wamba ya lero imajambula 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, ndiwo timadontho 12,000,000. Kadontho kali konse kamasungidwa monga manambala atatu, osonyeza kuculuka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu, ndipo nambala iri yonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Onse atatu akakhala 0 kadonthoko nkakuda bii. Akakhala 255 nkoyera mbee. Tsono kompyuta sidziwa mwana, sidziwa mbuzi. Idziwa manambala okha. Kukonza cithunzi ndiko kusintha manambalawo, kapena kutaya ena a iwo.

Ncifukwa cace nchito yoyamba, imene ambiri amailumpha, ndiyo kukopera. Asanakhudze kanthu, mphunzitsi atsegule foda, aiche dzina loti Zoyamba, aikemo zithunzi monga zinacokera m'foni, ndipo m'menemo asakonzeremo kanthu. Cokonza cikhale kope. Akulu amene anajambulitsa zithunzi masiku a filimu akumbukira kuti wojambula anali kusunga negetivu m'envulopu, ndipo cithunzi cikang'ambika kapena cikadyedwa ndi ciswe anali kutsukanso cina. Foda ya Zoyamba ndiyo negetivu ya masiku ano. Nzoona kuti pali batani lobwezera m'mbuyo, la Undo, limene limagwiranso nchito munthu akakanikiza Ctrl ndi Z pamodzi. Koma m'mapulogalamu ambiri mphamvu yace imatha cithunzi cikatsekedwa. Munthu akadula, nakanikiza Save, natseka, cakale capita, pakuti catsopano calembedwa pamwamba pace. Madzi akatayika saoleka. Mau oyenera kusankha ndiwo Save As kapena Save as copy, amene amasunga cokonzedwaco ndi dzina lina, nasiya coyamba monga cinaliri.

Kuongola sikufuna mau ambiri. Cithunzi cogona cam'mbali cimadzutsidwa ndi batani la Rotate. Copendekeka pang'ono cimaongoledwa pokoka kacizindikiro kufikira mzere wina woongoka utaima bwino. Mzerewo ukhale wa cinthu cimene mmisiri anaciimika ndi levulo, monga felemu ya citseko, ngondya ya khoma kapena mtengo wa mbendera. Nthaka ai, popeza mabwalo ambiri a sukulu ngotsetsereka, ndipo woongola nthaka amapendeketsa ana. Koma cithunzi cikatembenuzidwa pang'ono, ngondya zace zinai zimatuluka kunja kwa malire, ndipo kompyuta imazidula. Amene anajambula mothinana, ana ofika mpaka m'mphepete, adzapeza kuti kuongola khoma kwamdyera phewa la mwana kapena mapazi a mzere wakutsogolo. Batani lina, la Flip, limatembenuza cithunzi monga kalirole. Limeneli nloopsa m'kalasi, cifukwa zolembedwa pa bolodi zimawerengeka cam'mbuyo, ndipo mwana wolemba ndi dzanja lamanja amasanduka wamanzere.

Kudula, kumene pa kompyuta kumalembedwa Crop, ndiyo nchito yokondweretsa koposa, ndiponso yofuna kusamala koposa. Pamaoneka bokosi, munthu amakoka mbali zace, ndipo zonse zotsala kunja kwa bokosilo zimatayidwa. Apa ndi pamene mbuzi ija imacoka, pamodzi ndi thambo lambiri lopanda nchito ndi pfumbi la pabwalo, ndipo ana amene anali kuoneka ngati nyerere pakati pa cithunzi amadzaza malo onse. Zithunzi zambiri za sukulu zimakoma ndi kudula kokha.

Bvuto limadza pamene malo a pa pepala sagwirizana ndi cithunzi. Foni imajambula kawiri kawiri cithunzi ca magawo 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, koma malo osiyidwa m'lipoti angakhale ofanana mbali zonse. Pamenepo wodula amafinya bokosi lija, maso ace ali pa malo a pepala, ndipo saona kuti mwana wakumapeto kwa mzere watsala kunja. Aphunzitsi amdziwa bwino mwana amene amaima kumapeto pojambula. Si uja wolongolola, wokhoza masamu, amene amathamangira kukhala pafupi ndi aphunzitsi akulu ai. Ndi uja wamanyazi, kapena wosowa yunifomu amene anzace anamkankhira kumbali. Mwina cithunzico ndico cokha cimene mwanayo adzajambulidwa pa zaka zace zonse za pulaimale. Lipoti likaikidwa pa khoma adzadziyang'ana, osadzipeza, ndipo sadzafunsa munthu. Mankhwala ace ngapafupi: kuwerenga mitu asanadule, ndi kuwerenganso atadula, monga amawerengera ana pobwera ku ulendo. Nambala ikapanda kugwirizana, coyenera kusinthidwa ndi malo a pa pepala, ndipo cithunzi cikhale monga ciri.

Ngakhale akatswiri anagwapo m'mbuna yomweyi. M'mwezi wa February 1982 magazini ya National Geographic inafuna kuika pa cikuto cace cithunzi ca ngamila zodutsa pafupi ndi mapiramidi a ku Giza, m'dziko la Egypt. Cithunzico cinali cotambalala, koma cikuto cinali coimirira. M'malo mosankha cithunzi cina, akonzi anasendeza mapiramidiwo ndi makina kuti ayandikane. Miyala imene inaima pa malo ace zaka zoposa 4,000 inasunthidwa cifukwa ca kucepa kwa pepala. Nkhaniyo itadziwika inacititsa manyazi magaziniyo, ndipo ikumbukikabe kufikira lero.

Kudula kungathenso kunama popanda kusintha kadontho ndi kamodzi komwe. M'kalasi la ana 70 mungakhale madesiki okwanira ana 20, ena onse ali pansi. Wofuna kukondweretsa oyendera masukulu adzadula cithunzi kuti paoneke a pa madesiki okha. Wofuna kupempha thandizo adzadula kuti paoneke a pansi okha. Zithunzi ziwirizi zacokera m'kamera imodzi, pa mphindi imodzi, ndipo zonse nzabodza. Coyamba cingacititse kuti madesiki amene akadabwera apite ku sukulu yina. Caciwiri cidzaululika tsiku limene wothandizayo adzafika yekha, ndipo pambuyo pace sadzakhulupiriranso kalata ya sukuluyo, ngakhale yonena zoona. Muyeso wace ndi uwu: munthu amene anali m'kalasimo tsikulo akaona cithunzico, kodi adzati, "Inde, zinali tero"?

Tsopano za nkhope zakuda zija. Mphunzitsi asadzitsutse yekha, pakuti colakwa cina nca kamera. Kamera imayesa kuwala kwa malo onse, nifuna kuti cithunzi cisayere kwambiri, cisadenso kwambiri. Ikaona khoma lopakidwa laimu, malaya oyera ndi thambo la masana, imayesa kuti kuwala kwaculuka, nicepetsa. Khoma limatuluka bwino, koma nkhope za ana, zimene zinali kale mumthunzi cifukwa dzuwa linali pamutu, zimamira mumdima. Bvuto limeneli nlakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu, lochedwa Shirley, lokhala ndi cithunzi ca mkazi wa Cizungu. Makina anali kulinganizidwa kuti khungu lace lituluke bwino, ndipo khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyana linadza m'zaka za m'ma 1990. Makamera a lero aposa akale, komabe ana oima pa khoma loyera dzuwa liri phwee amawagonjetsabe.

Wosadziwa amathamangira ku Brightness, nakoka mpaka nkhope zioneke. Koma Brightness imaonjeza kuwala pa cithunzi conse pamodzi. Nkhope zikafika poyenera, malaya ndi khoma zimakhala zitafika kale pa 255, ndipo pamwamba pa 255 palibe nambala yina. Kolala, thumba ndi makwinya a malaya zonse zasungunuka m'kuyera kumodzi. Coyenera kufuna ndico Shadows, cimene cimakweza malo amdima okha, nicisiya oyera monga ali. Acikoke pang'ono pang'ono, alikuyang'ana mwana wakuda koposa onse, kufikira maso, mphuno ndi milomo yace zisiyanike. Cithunzi cikayamba kuoneka cotuwa, monga coyang'anira mu utsi, aonjeze pang'ono Contrast, imene imadetsa zakuda niyeretsa zoyera. Contrast iri ngati mcere m'ndiwo: ukacepa amaonjeza, ukaculuka palibe woucotsa. Ndipo zonsezi ziri ndi malire ace. Pamene kamera inalemba 0 palibe nkhope yobisika yoti itulutsidwe, ndipo wokakamiza amangotulutsa mawanga ngati a nkhanga.

Apa pali ciyeso cimene ciyenera kunenedwa poyera. Dzanja likafika pa mlingo woyenera limafuna kupitirira pang'ono, cifukwa ambiri anazolowera kuganiza kuti cithunzi cokoma ndi ca munthu woyera khungu. Ndipo mafoni ena ali ndi zosefa zochedwa Beauty, zimene zimasalaza ndi kuyeretsa nkhope popanda kufunsa. Kucotsa mthunzi pa nkhope ya mwana ndi nchito yabwino. Kucotsa mtundu wa khungu lace ndi nkhani yina. Mwana wa zaka 12 amene aona kuti aphunzitsi ace anamyeretsa asanamuike pa khoma waphunzira phunziro limene siliri m'silabasi, ndipo sadzaliiwala msanga.

Kuti kusintha khungu si kanthu kacabe kunaoneka ku America m'mwezi wa June 1994. O. J. Simpson, katswiri wakale wa mpira wa kumeneko, anagwidwa pa mlandu wakupha anthu awiri, umene bwalo la milandu linammasula pa iwo m'caka ca 1995. Atangogwidwa, magazini awiri, Time ndi Newsweek, anasindikiza pa zikuto zao cithunzi cimodzi comweco cojambulidwa ndi apolisi. Newsweek inacisiya monga cinaliri, Time inacidetsa. Magaziniwo ataikidwa pamodzi m'masitolo anthu anaona kusiyana kwace, ndipo ambiri anakwiya, nati munthuyo wadetsedwa kuti aoneke woopsa mlandu usanazengedwe. Cacikulu cimene cinasinthidwa pa cikutoco ndico kuwala komweko kumene mphunzitsi amakoka pa kompyuta ya mu ofesi. Cotero wokonza aike cithunzi coyamba pambali pa cokonzedwa, ayang'ane mkono wa mwana umene dzuwa linauwalira bwino, nalinganize nkhope ndi mkonowo.

Akumbukenso kuti galasi la kompyuta limawala lokha, koma pepala siliwala. Cithunzi cooneka bwino pa galasi cimatuluka coderako pa pepala, makamaka pa fotokope. Asindikize pepala limodzi loyesera asanaononge inki ya mapepala 50.

Kucepetsa, kumene kumalembedwa Resize, kumabwera zina zonse zitatha. Cithunzi ca timadontho 4,000 ndi 3,000 cikatsitsidwa kufika pa 800 ndi 600 cimapepuka, nicipita pa intaneti ngakhale netiweki iri yofooka. Koma pa timadontho 25 tiri tonse patsala kamodzi. Pa galasi la foni kusiyanako sikuoneka. Pa pepala kumaoneka. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inci iri yonse. Pa muyeso umenewu cithunzi coyamba cija cikwana sentimita 34 m'litali ndi 25 m'lifupi, kuposa pepala la A4. Cocepetsedwaco cikwana sentimita 7 ndi 5 basi, kuposa pang'ono bokosi la macesi. Cotero asanacepetse, munthu adziwe kumene cithunzi cipita, kaya pa foni ya kholo kapena pa khoma la ofesi. Pocepetsapo pali kacizindikiro ka unyolo kapena ka loko, kamene kamamanga litali ndi lifupi kuti zicepe pamodzi. Kakamasulidwa ana amatuluka onenepa ngati maungu kapena oonda ngati nsungwi. Zomwezi zimacitika munthu akakoka cithunzi m'kalata pogwira pakati pa mbali yace m'malo mogwira pa ngondya.

Kubwerera sikutheka. Cithunzi cacing'ono cikakulitsidwa, kompyuta imangotambasula timadontho tomwe tija, nidzaza mipata ndi mitundu yongoyerekeza. Cimakula, koma sicinena kanthu katsopano. Izi zimabvuta masiku amene pafunika tizithunzi ta mwana mmodzi mmodzi toika pa mafomu. Wina amaganiza zofulumiza nchito podula nkhope m'cithunzi ca kalasi. Ayambe wawerenga. Ana 20 akaima mzere umodzi m'cithunzi ca timadontho 4,000, mwana ali yense alandira 200, ndipo nkhope yace mwina 100. Koma kacithunzi ka milimita 35 ndi 45, monga ka pasipoti, kafuna timadontho 413 ndi 531. Palibe njira yina koma kuimika ana pa mthunzi, khoma liri kumbuyo, ndi kuwajambula mmodzi mmodzi.

Masiku ano kwadza mapulogalamu a AI amene alonjeza kukulitsa cithunzi cosaoneka bwino kuti cioneke bwino lomwe. Cimene amacita ndico kupeka. Anaonetsedwa nkhope zambirimbiri, ndipo amajambula nkhope imene iwo ayesa kuti iyenera pamenepo. M'caka ca 2020 munthu wina anapatsa pulogalamu yotere, yochedwa PULSE, cithunzi ca Barack Obama ca timadontho towerengeka, ndipo inabweza nkhope yooneka bwino ya Mzungu amene sanabadwepo. Nkhope yotuluka m'makina otere ingakhale yokongola, koma pa fomu pafunika nkhope ya mwini wace.

Cotsiriza ndico kusunga, ndipo apanso pali kutaya kobisika. Zithunzi zambiri zimasungidwa mwa mtundu wochedwa JPEG, umene unakhazikitsidwa m'caka ca 1992. Cithunzi ca timadontho 12,000,000 cikasungidwa conse monga ciri cimalemera megabaiti 36. JPEG imacitsitsa kawiri kawiri kufika pa 3 kapena 4. Imatero pogawa cithunzi m'timabokosi ta timadontho 8 ndi 8, nitaya m'kabokosi kali konse tizinthu timene diso silizindikira msanga. Kutero kamodzi sikuononga. Koma munthu akatsegula, nasintha, nasunga, mawa nateronso, kutayako kumaunjikana, monga notsi zimene mwana wakopera kwa mnzace, amenenso anakopera kwa wina. Pofika kwa wacisanu dzina la mtsinje lasanduka la phiri. M'mphepete mwa zinthu mumayamba kuoneka litsiro, ndipo thambo limagawika m'timabokosi. Kutsegula ndi kuyang'ana kokha sikuononga, ngakhalenso kukopera failo kucokera pa kompyuta kupita pa fulashi. Cofunika ndico kucita nchito zonse pa nthawi imodzi, kusunga kamodzi, ndipo pofuna kusintha tsiku lina, kuyambiranso ku foda ya Zoyamba. Mapu, zojambula pamanja ndi cizindikiro ca sukulu zisungidwe mwa mtundu wa PNG, umene sutaya kanthu, ndipo zilembo zimatsala zowerengeka bwino.

Cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse cimacepetsedwa pa njira, ndipo tsiku ndi ora zimene kamera inalemba m'kati mwace zimafufutika. Cofunika kusindikiza citumizidwe monga Document, kapena cisamutsidwe ndi cingwe.

Patsala cida cimodzi cimene sicinachulidwe pa nchito zisanu zija, ndipo cinasiyidwa dala. Ndico cofufutira, cimene cimacotsa munthu kapena cinthu pakati pa cithunzi, nicitseka malowo ndi udzu kapena khoma. Kale inali nchito ya amisiri a burashi. Kuli cithunzi cochuka ca m'caka ca 1937, ca ku Soviet Union, coonetsa Joseph Stalin alikuyenda m'mbali mwa ngalande ya ku Moscow pamodzi ndi Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi acinsinsi. Yezhov ataphedwa m'caka ca 1940 cithunzico cinatulukanso, pa malo ace pali madzi okha. Lero mwana wa sukulu angacite zomwezo pa foni ndi cala cimodzi. Ncifukwa cace makampani a nkhani ali ndi malamulo olimba. Associated Press imalola kudula ndi kukonza kuwala, koma imaletsa kuonjeza kapena kucotsa kanthu, ngakhale kufiira kwa maso kumene kumadza ndi kung'anima kwa kamera. M'mwezi wa March 2024 kampaniyo, pamodzi ndi Reuters ndi ena, inabweza cithunzi ca Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ali ndi ana ace atatu, itaona kuti mkono wa juzi ya mwana wamkazi sunalumikizike bwino. M'mawa mwace Catherine anapepesa, nanena kuti nthawi zina amayesa kukonza zithunzi yekha.

Sukulu si nyuzipepala, ndipo palibe colakwa kufufuta banga la inki kapena podya ciswe pa cithunzi cakale ca oyambitsa sukulu, pakuti bangalo silinali pa anthuwo. Koma tsiku lidzafika pamene aphunzitsi akulu adzaima kumbuyo kwa mpando, nati, "Mng'alu uwo wa pa khoma, simungaucotse kodi? Utictitsa manyazi." Wacinyamatayo sangakane mwamwano, ndipo sayenera kutero. Angayankhe kuti, "Ndingathe, bambo, koma lipoti ili lipita kwa omwe tinawapempha simenti aja. Bwanji ndiwajambulenso anawa mawa m'mawa pansi pa mtengo wa mango, ndipo mng'aluwo tiutumize pa cithunzi cace cace?" Kawiri kawiri akulu amabvomera, popeza cimene anafuna kweni kweni ndi cithunzi cokoma. Ndipo kujambulanso m'mawa, pa mthunzi, wojambula ataima patali pang'ono kuti patsale malo odula, kumacotsa theka la nchito zonse zanenedwazi.

Ana naonso angaphunzire zimenezi, ngakhale pa sukulu yopanda magetsi. Mphunzitsi apatse mwana ali yense pepala la m'buku la masamu, lija la timabokosi. Coyamba mwana azungulize malo a timabokosi 10 ndi 10, najambulemo nyumba mwa kudetsa timabokosi tathunthu, osaloledwa kudetsa theka la kabokosi. Nyumba idzatuluka, koma citseko cidzakhala timabokosi tiwiri, ndipo zenera lidzasowa malo. Kenaka ajambule nyumba yomweyo m'malo a 30 ndi 30. Tsopano zenera lilowa, ndi cogwirira ca citseko, ndi nkhuku pakhomo. Pomaliza asinthane nyumba zazing'ono zija, ndipo ali yense akulitse ya mnzace kufika pa 30 ndi 30, kabokosi kamodzi kasanduke timabokosi 9, osaonjeza za m'mutu mwace. Nyumba idzakula katatu, koma nkhuku sidzaonekamo. Padzapezeka mwana wocenjera amene adzaijambulamo ndithu. Ameneyo afunsidwe kumene nkhukuyo waitenga, ndipo kalasi liweruze ngati nyumbayo ikali ya mnzace. Phunziroli likwana m'mphindi 40, ndipo lifuna mapensulo okha.